Mmene Mungafufuzire Vuto Pulinta ya Malebulo Ikasiya Kuzindikira Malebulo

Pulinta ya malebulo ya m'fakitale ikayamba kulavula malebulo opanda kanthu, kudumphira lebulo imodzi pakati pa ziwiri, kapena kuima n'kulemba pa sikirini kuti MEDIA OUT chikhalirecho mpukutu uli wodzaza, anthu ambiri amathamangira kuganiza kuti sensa yapsa ndipo amayamba kufunsa mtengo wa yatsopano. Nthawi zambiri sensayo imakhala ili bwinobwino. Chimene chimakhala chitasokonekera ndi chimodzi mwa zinthu izi: pulinta yauzidwa mtundu wolakwika wa malebulo, sensa ili pamalo pomwe singaone mpata wa pakati pa malebulo, sensa yakutidwa ndi fumbi kapena guluu, kapenanso kompyuta ikufafaniza zonse zimene mwakonza pa makinawo nthawi iliyonse ikatumiza ntchito. Malangizo awa atsatira kwambiri mapulinta a Zebra a mtundu wa ZT230, ZT410 ndi ZT411, chifukwa ndi omwe amapezeka kawirikawiri m'malo olongedzera katundu ndi m'nyumba zosungiramo katundu, koma kaganizidwe kake n'kamodzimodzi pa makina a TSC, Honeywell ndi SATO.

Chimene pulinta imaona

Pulinta sidziwa kuti lebulo n'chiyani, ndipo chomwe imachita ndi kuyeza kuchuluka kwa kuwala basi. Sensa yoyamba, yomwe pa sikirini imalembedwa kuti TRANSMISSIVE, ili ndi zigawo ziwiri zoyang'anizana: china chimatulutsa kuwala, china chimakulandira, ndipo malebulo amadutsa pakati pake. Pamene lebulo ikudutsa, kuwala kumayenera kubowola lebuloyo pamodzi ndi pepala loterera lakumbuyo lomwe lanyamula malebulo, choncho kumafika kochepa. Koma mpata wa pakati pa malebulo ukafika, kuwala kumadutsa pepala lakumbuyo lokha ndipo kumafika kochuluka. Kusintha kumeneku ndi komwe pulinta imawerenga kuti lebulo ina yatha ndipo ina ikuyamba. Kuwala kukafika konse popanda chotchinga, pulinta imaganiza kuti mpukutu watha.

Sensa yachiwiri, REFLECTIVE, imakhala mbali imodzi yokha, kunsi kwa njira ya malebulo. Imawalitsa kumbuyo kwa pepala n'kuyeza kuwala kobwerera, ndipo kamzere kakuda kosindikizidwa kumbuyoko kakafika, kuwala kobwerera kumatsika mwadzidzidzi. Kampani ya SATO imatchula kamzere kameneka kuti I-mark.

Calibration ndi ntchito yophunzitsa pulinta miyezo imeneyi pa mpukutu womwe mwaikamo: kuwala kwa pa lebulo, kuwala kwa pa mpata, kuwala kwa pamene palibe kanthu, ndiponso utali wa lebulo imodzi. N'chifukwa chake mukasintha kogula malebulo, ngakhale kukula kwake kukhale komweko, pulinta yomwe dzulo inkayenda bwino imatha kusokonezeka, popeza pepala lakumbuyo la kampani ina limakhala lokhuthala kapena lachikasu kwambiri kuposa la kampani inzake.

Yambani ndi batani la FEED

Musanamasule kanthu kalikonse, dinani batani la FEED kanayi kapena kasanu, mukudikira pang'ono pakati pake, ndipo muonetsetse zomwe zikuchitika. Pulinta yomwe ikuzindikira malebulo bwino imatulutsa lebulo imodzi yokha pa kudina kulikonse, ndipo imaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ngati zili choncho koma zosindikiza zochokera pa kompyuta zikutulukabe molakwika, sensa ilibe mlandu, ndipo mungathe kupita molunjika ku gawo la m'munsimu lonena za kompyuta ndi driver, yomwe ndi pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi pulinta. Kuyesa kumeneku kumatenga mphindi imodzi, koma kumagawa vuto pawiri, ndipo ndi komwe amisiri othamanga amakonda kudumphira.

Ngati FEED ikutulutsa malebulo awiri, atatu kapena kuposa isanaime, kapena ikumaliza ndi MEDIA OUT, ndiye kuti pulinta sikuona mpata. Ngati ikuima malo osiyanasiyana pa kudina kulikonse, nthawi ina pakati pa lebulo, nthawi ina kumapeto, ndiye kuti mwina yauzidwa kuti pepala ndi losadukiza, kapena ikuona mipata yabodza. Palinso kusiyana kwina koyenera kukuzindikira. Zolemba zikamasuntha pang'onopang'ono, lebulo iliyonse zikutsikirapo kuposa yapitayo mpaka zitagwera pa mpata, vuto limakhala la kuzindikira kapena la kuterereka kwa pepala. Koma zolemba zikakhala zotsika kapena zokwera ndi mlingo womwewo pa lebulo iliyonse, pulinta ikuona mpata bwinobwino, ndipo chofunika kusintha ndi LABEL TOP, yomwe imakweza kapena kutsitsa zolemba pa lebulo, ndipo pa Zebra imasinthidwa kuyambira pa -120 kufika pa 120 timadontho. Munthu akasokoneza mavuto awiriwa amatha kubwereza calibration kakhumi popanda chosintha.

Kenako sindikizani lebulo yosonyeza makonzedwe onse a pulinta. Pa ZT230 ndi ZT410 mungachite izi pogwira batani la CANCEL pamene mukuyatsa makina, kapena potumiza lamulo la ~WC kuchokera pa kompyuta. Pa lebuloyo yang'anani mizere ya MEDIA TYPE, SENSOR SELECT, PRINT METHOD, LABEL LENGTH ndi MAXIMUM LENGTH, ndipo muisunge, chifukwa idzakukumbutsani mmene zinthu zinalili musanayambe kusintha.

Mtundu wa malebulo ndi malo a sensa

Tembenuzani kachidutswa ka mpukutu wanu ndipo mukayang'ane kumbuyo. Ngati malebulo alekanitsidwa ndi mpata, kapena ndi makadi okhala ndi kabowo kapena kodula m'mbali, MEDIA TYPE iyenera kukhala GAP/NOTCH ndipo sensa ikhale TRANSMISSIVE. Ngati kumbuyo kuli timizere takuda topingasa, sankhani MARK ndi REFLECTIVE. CONTINUOUS ndi ya pepala lopanda mpata kapena chizindikiro chilichonse, ndipo ikasankhidwa pulinta imasiyiratu kufunafuna mpata n'kumangoyenda utali womwe yauzidwa.

Kukula kwa mpata nakonso kuli ndi malire. Pa mapulinta a ZT400, mpata uyenera kukhala pakati pa mamilimita 2 ndi 4, ndipo wa mamilimita 3 ndi womwe umayenda bwino koposa. Malebulo otchipa odulidwa mosasamala, okhala ndi mipata yosafanana, sangakonzedwe ndi calibration iliyonse, choncho tengani rula muyeze mipata khumi yotsatizana musanaimbe mlandu makina.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi MAXIMUM LENGTH. Nambala imeneyi iyenera kuposa utali wa lebulo pamodzi ndi mpata wake ndi mamilimita osachepera 25.4, yomwe ndi inchi imodzi. Ikakhala yaifupi kuposa lebulo, pulinta imafika pamalire isanakumane ndi mpata, ndipo imagamula kuti pepalalo ndi losadukiza. Vuto limeneli limabwera kawirikawiri pamene pulinta yomwe kale inkasindikiza timalebulo tating'ono ta mabotolo yasamutsidwira ku ntchito ya malebulo aakulu a makatoni.

Tsopano tsegulani chivundikiro n'kutsatira njira ya malebulo ndi maso kuyambira pa mpukutu mpaka kutsogolo. Pepala liyenera kudutsa pakati pa zigawo ziwiri za sensa, ndipo n'zosavuta kuti munthu wothamanga posinthana mashifiti alidutsitse pamwamba pa chigawo chapamwambacho, zomwe zimachititsa kuti pulinta ilembe MEDIA OUT nthawi yomweyo. Kachotchinga ka m'mbali kayenera kungokhudza mphepete mwa pepala. Kakatalikira, pepala limayenda mokhotakhota n'kumachoka pa sensa, ndipo kakapanikiza kwambiri pepala limapindika.

Pa makina ambiri a m'fakitale sensa imasunthika chopingasa, ndipo malo ake ndi nkhani yofunika kuiganizira bwino kusiyana ndi kungoisiya pomwe munaipeza. Pa malebulo wamba a ngodya zinayi, malo alionse omwe ali mkati mwa lebulo amakwanira, bola asakhale pa mphepete penipeni pomwe ngodya zake n'zozungulira. Pa makadi a kabowo, sensa iyenera kukhala pa mzere wa kabowoko ndendende. Pa malebulo ozungulira, ikani sensa pakati pa lebulo, pomwe mpata ndi wochepa koposa, chifukwa mukaiika cham'mbali imaona mpata wautali ndi lebulo yaifupi, ndipo pepala likangosuntha pang'ono muyezo umasintha. Pa mpukutu wokhala ndi malebulo awiri kapena atatu pa mzere umodzi, samalani kuti sensa isagwere pa kampata kotsetsereka kolekanitsa mizatiyo, popeza pamenepo imangoona pepala lakumbuyo lokhalokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Pali malebulo ena omwe mwachibadwa amavuta. Malebulo apulasitiki oonekera ngati galasi salepheretsa kuwala mokwanira kuti sensa ya mpata isiyanitse lebulo ndi pepala lakumbuyo, choncho powaitanitsa pemphani kuti kumbuyo kukhale kamzere kakuda. Mapepala akumbuyo osindikizidwa chizindikiro cha kampani amasokoneza sensa ya REFLECTIVE ngati chizindikirocho chikudutsa pa njira yake. Malebulo osindikizidwa kale mitundu yakuda kwambiri amathanso kunamiza sensa ya mpata, ndipo pa amenewa ndi bwino kusuntha sensa kuti iyang'ane chigawo cha lebulo chomwe chilibe utoto wambiri.

Kuyeretsa

Calibration yochitidwa pa sensa yakuda imangophunzitsa pulinta miyezo yolakwika, choncho kuyeretsa kumayamba. Zimitsani makina, chotsani malebulo ndi riboni (mpukutu wa inki), ndipo muunike ndi tochi mkati mwa kampata ka sensa. Chinthu chomwe chimapezeka kawirikawiri ndi kachidutswa ka lebulo komatirira pa diso la sensa, komwe kanang'ambika pa nthawi ina pamene pepala linakodwa. Fumbi la pepala lichotseni ndi mpweya wopopera, ndipo guluu mumusungunule ndi kathonje ka pa kamtengo konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol wamphamvu, wa 90 peresenti kapena kuposa. Musagwiritse ntchito mpeni, sikuludiraiva kapena thina, chifukwa diso la sensa likakandika kapena kuchita mbuu silibwereranso mwakale. Dikirani kuti paume musanayatse.

Rola ya mphira yomwe ili kunsi kwa printhead, chigawo chosindikiza zolemba pa lebulo, ndi yomwe imakoka pepala, ndipo pulinta imayeza utali wa lebulo powerenga kuzungulira kwa mota yoyendetsa rolayo. Rola ikaterera chifukwa cha fumbi ndi guluu, kapena ikadulidwadulidwa ndi anthu ochotsa malebulo okulungika ndi lezala, pepala limatsalira kumbuyo pamene mota ikuzungulira, ndipo muyezo umasokonekera ngakhale sensa ili yabwino. Ipukuteni ndi mankhwala omwewo mukuizunguza ndi dzanja. Opanga makinawa amalangiza kuyeretsa rola ndi printhead nthawi iliyonse yomwe mwasintha riboni, kapena mpukutu wa malebulo ngati simugwiritsa ntchito riboni. M'malo olongedzera ufa, shuga, feteleza kapena tiyi, ndiponso m'miyezi ya fumbi mvula isanayambe, ndi nzeru kuyeretsa mowirikiza kuposa pamenepo ndi kusiya chivundikiro cha pulinta chili chotseka pamene ikugwira ntchito.

Calibration yamanja

Calibration yodzichitikira yokha, yomwe imabwera mukayatsa makina kapena mukatumiza lamulo la ~JC, imakwanira pa malebulo oyera wamba. Ikalephera, chitani yamanja, yomwe imalola pulinta kuyeza pepala lakumbuyo palokha popanda kulota. Pa ZT230 ndi ZT410 imayambika posankha MEDIA/RIBBON CAL pa sikirini kapena pogwira PAUSE ndi CANCEL pamodzi kwa masekondi 2, pomwe pa ZT411 imapezeka pa gawo la Sensors pa sikirini yake yokhudza ndi chala, ndipo sikiriniyo imakutsogolerani sitepe ndi sitepe.

Pulinta ikapempha kuti muike pepala lakumbuyo ndi kuchotsa riboni, tsegulani printhead, kokerani kunja pepala lotalika pafupifupi mamilimita 200, ndipo mumatule malebulo onse pa chigawo chimenecho kuti patsale pepala loterera lokha. Bwezerani pepalalo mkati mpaka chigawo chopanda malebulo chikhale pakati pa sensa, chotsani riboni ngati ilimo, tsekani printhead, kenako dinani PAUSE. Pakapita kanthawi sikirini idzalemba RELOAD ALL. Tsegulaninso printhead, kokani pepala mpaka lebulo yeniyeni ifike pa sensa, bwezerani riboni, tsekani, ndipo mudinenso PAUSE. Pulinta idzatulutsa malebulo angapo poyeza utali wake, ndipo ikaima bwerezani kuyesa kwa FEED kuja.

Zolakwitsa pa ndondomekoyi zimakhala ziwiri. Choyamba ndi kumatula lebulo imodzi yokha, kotero kuti pobwezera pepala mkati sensa imagwerabe pa lebulo yotsatira, ndipo pulinta imaphunzira kuti lebulo ndiyo mpata. Chachiwiri ndi kusiya riboni mkati chifukwa cha ulesi woichotsa. Sensa ya riboni imayezedwa pa nthawi yomweyi, ndipo ikaphunzira molakwika pulinta imayamba kulemba RIBBON OUT riboni ilimo, kapena imalephera kuzindikira kuti yatha. Ngati mukusindikiza ndi kutentha kokha popanda riboni, onetsetsani kuti PRINT METHOD ili pa DIRECT THERMAL, apo ayi pulinta idzapitiriza kufunsa riboni yomwe simukuifuna.

Pa makina a TSC ntchito yomweyi imachitika kudzera pa pulogalamu yawo ya Diagnostic Tool kapena ndi malamulo a GAPDETECT pa mpata ndi BLINEDETECT pa kamzere kakuda, pomwe pa mapulinta a Honeywell ochokera ku banja la Intermec lamulo lake ndi TESTFEED.

Mukamaliza calibration yamanja pa malebulo ovuta, yang'anani zomwe zasankhidwa pa POWER UP ACTION ndi HEAD CLOSE ACTION. Zikakhala pa CALIBRATE, pulinta idzayezanso yokha nthawi iliyonse magetsi akabwerera kapena munthu akatseka printhead, ndipo ingathe kufafaniza miyezo yabwino yomwe mwangoivutikira, kuwonjezera pa kutaya malebulo angapo ulendo uliwonse. FEED imangopititsa pepala pa mpata wotsatira, LENGTH imayezanso utali pogwiritsa ntchito miyezo yomwe ilipo kale, ndipo SHORT CAL imakonza malire a mpata popanda kusintha mphamvu ya sensa. Kumalo komwe magetsi amathimathima ndipo mtundu wa malebulo susinthasintha, FEED ndi yomwe ndingasankhe. NO MOTION imapulumutsa malebulo, komabe imafuna wogwira ntchito wokumbukira kudina FEED yekha asanasindikize.

Kuwerenga sensor profile

Ngati zonsezi zachitika koma vuto likadalipo, lekani kulota ndipo muuze pulinta kuti ijambule zomwe ikuona. Gwirani FEED ndi CANCEL pamene mukuyatsa makina, kapena tumizani lamulo la ~JG, ndipo idzasindikiza chithunzi chodutsa pa malebulo angapo. Mzere wolembedwa MEDIA ndi muyezo weniweni wa sensa, WEB ndi malire omwe muyezowo uyenera kudutsa kuti pulinta ivomereze kuti apa ndi pa mpata, ndipo OUT ndi malire osonyeza kuti pepala latha. Pa mpata uliwonse mzere wa MEDIA umapanga nsonga yoonekera.

Tengani chidutswa cha mpukutu wanu muchiyale pambali pa chithunzicho. Nsonga ziyenera kutalikirana mofanana ndi mipata yeniyeni. Nsonga zikakhala zazifupi zosafika pa mzere wa WEB, kusiyana kwa lebulo ndi pepala lakumbuyo n'kochepa, ndipo muyenera kubwereza calibration yamanja, kuyeretsanso, kapena kusintha malebulo. Nsonga zowonjezera pakati pa lebulo zimasonyeza kuti sensa ikunamizidwa ndi utoto, zolemba zakumbuyo kapena timabowo todulira. Nsonga zikafika pa mzere wa OUT, pulinta imatenga mpata ngati kutha kwa mpukutu, zomwe zimachitika pa mapepala akumbuyo opyapyala kapena oonekera. Mzere wosalala wopanda nsonga konse umatanthauza kuti sensa ili pamalo olakwika, yatchingidwa, mtundu wolakwika wa sensa wasankhidwa, kapena yafadi. Musanagamule kuti yafa, ikanimo mpukutu wina womwe mukudziwa kuti ukuyenda bwino pa pulinta ina, ndipo musindikizenso chithunzicho.

Pamene kompyuta ndi yomwe ikusokoneza

Apa ndi pomwe anthu ambiri amathera tsiku lonse akuzungulira. Ntchito iliyonse yochokera ku driver ya ZDesigner kapena ku mapulogalamu ojambulira malebulo monga BarTender, NiceLabel ndi ZebraDesigner imatha kunyamula malamulo a makonzedwe pamodzi ndi zolemba za pa lebulo, ndipo malamulo amenewo amapambana zomwe mwasankha pa sikirini ya pulinta. Chizindikiro chake n'chodziwika: mwakonza, FEED ikuyenda bwino, koma lebulo yoyamba ikangochokera pa kompyuta vuto labwereranso. Sindikizaninso lebulo ya makonzedwe ndipo muiyerekeze ndi yoyamba ija. Mukapeza kuti MEDIA TYPE yasintha, wolakwa mwamupeza.

Tsegulani Printing Preferences ya pulintayo pa Windows, ndiponso Printing Defaults ngati pulinta ikugwiritsidwa ntchito ndi makompyuta angapo, n'kuonetsetsa kuti mtundu wa malebulo, njira yosindikizira, m'lifupi ndi utali zikugwirizana ndi zomwe zili m'makina. Fayilo ya lebulo m'pulogalamu yojambulira imasunganso makonzedwe akeake, choncho nayonso iyenera kuonedwa. Ngati malebulo amachokera mwachindunji ku pulogalamu ya kampani m'chinenero cha malamulo a mapulinta a Zebra chotchedwa ZPL, pemphani woyang'anira pulogalamuyo akuonetseni fayilo imodzi ndipo mufunefune lamulo la ^MN: ^MNY kapena ^MNW ndi la mpata, ^MNM ndi la kamzere kakuda, ndipo ^MNN ndi la pepala losadukiza. Lamulo la ^MTT limafuna riboni pomwe ^MTD silifuna. Kuti makonzedwe otumizidwa kuchokera pa kompyuta asatayike makina akazima, mzere wake uyenera kukhala ndi ^JUS, mwachitsanzo ^XA^MNY^MTT^JUS^XZ, ndipo mungautumize kudzera pa Zebra Setup Utilities.

Kumbukiraninso kuti ZPL imawerenga mtunda m'timadontho. Pulinta ya 203 dpi ili ndi timadontho 8 pa milimita imodzi, ndipo ya 300 dpi ili ndi pafupifupi 12, kotero lebulo ya mainchi 4 kwa 6, yomwe ndi mamilimita 102 kwa 152, imakhala ndi utali wa timadontho 1218 pa yoyambayo ndi 1800 pa yachiwiriyo. Fayilo yokonzedwera 203 dpi ikatumizidwa ku pulinta ya 300 dpi, zolemba zimatuluka zazing'ono zitaunjikana pa ngodya imodzi, ndipo izi sizikhudzana ndi sensa m'pang'ono pomwe.

Pa mapulinta okhala ndi chomatulira malebulo pali sensa inanso kutsogolo, yomwe imadikira kuti munthu atenge lebulo isanatulutse yotsatira. Pulinta ikaima itatulutsa lebulo imodzi, kapena ikamatulutsa motsatizana osadikira, pukutani sensa imeneyo, onani kuti PRINT MODE ili pa PEEL OFF, ndipo ngati makina ali pafupi ndi zenera yesani kuwatchinga ku dzuwa.

Kubwezeretsa makonzedwe a kufakitale, pogwira FEED ndi PAUSE pamene mukuyatsa, kukhale komalizira, ndipo mukatero mudzayenera kulowetsanso kuda kwa zolemba, liwiro ndi zina zonse kuchokera pa lebulo ya makonzedwe yomwe munasunga. Ngati pambuyo pake, pa mpukutu wodalirika, pa sensa yoyera ndi yoikidwa pamalo ake, sensor profile ikutulukabe yosalala, itanani mmisiri wa makinawa kuti ayang'ane kaye chingwe cholumikiza sensa ku bolodi yaikulu, chifukwa chingwe chokhwefuka chimapereka zizindikiro zofanana ndi sensa yakufa. Mupatseni lebulo ya makonzedwe, sensor profile ndi chidutswa cha mpukutu wanu, ndipo pulagi ikhale itazulidwa pa khoma asanatsegule mbali ya zamagetsi.